Tsiku Limene Ndinasanduka Mtumiki wa M'kompyuta

Ndagi! Ayi, musandiyang'ane ngati ndakupondani chala, yankhani kuti gize. Eya, choncho.

Kanthu aka: maso kalibe koma kamawerenga, manja kalibe koma kamalemba anthu m'kaundula, ndipo ukakatuma osakauza zonse sikabwerera kudzafunsa, kamangopeka n'kumapitirira, manyazi olo pang'ono. N'chiyani? Wina kumbuyoko akuti mkamwini. Mwayandikira, koma ayi. Mwagonja? Ng'ombe yangayo mundisungire. Kanthuko ndi mtumiki wa m'kompyuta, uja ana amakono amati ali ndi nzeru zochita kupanga. Ine ndikumudziwa bwino ameneyu, chifukwa Lachitatu lina ndinakhalapo iyeyo kwa maola awiri athunthu, epuloni ili m'chiuno.

Dzina langa ndine Eufemia, koma kuno ku Albuquerque, ku America, aliyense amangoti azakhali Femia, ngakhale ana amene makolo awo sindinawaonepo. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, bambo atanena kuti tsabola wa m'munda sadikira munthu amalize kuwerenga. Kuwerenga ndimawerenga, koma ndi chala, liwu limodzilimodzi ngati nkhuku ikutola chimanga. Lachitatu lililonse ndimanyamula mphika wa matamale, timikate ta ufa wa chimanga tophikira m'makoko ake, kupita nawo kumene amagwira ntchito Araceli, mwana wa malemu mchimwene wanga. Mwana ameneyu ndinamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Kakampani kawo kali pamwamba pa shopu yokonza njinga, ndipo onse pamodzi sakwana khumi. Amapanga mapulogalamu a maiwe osambiramo. Munthu akafuna kulowa kalabu yosambira amalembera mtumiki uja, mtumikiyo n'kumutsegulira akaunti, ndiko kuti kumulemba m'kaundula ndi kumupatsa chiphaso cholowera pageti. Araceli anandifotokozera kuti mtumikiyo ali ndi zida zake monga ine ndili ndi mipeni ndi zipande, ndipo chida chilichonse chili ndi pepala la malangizo.

"Mkati mwa chida saonamo, azakhali," anatero. "Amangowerenga pepala. Chimene sichili papepala, kwa iye kulibe."

Ndiye kunachitika zinthu. Mayi wina wazaka makumi asanu ndi atatu, a Petronila Baca, ankangofuna kumasambira Lolemba m'mawa chifukwa cha mawondo. Analandira makalata khumi ndi anayi owalandira m'kalabu, ziphaso khumi ndi zinayi, komanso udindo wa mkulu wa dziwe lonse. Mayiwo ataona kuti foni yawo ikutsegula mageti onse, sanadandaule ayi. Anangokweza kutentha kwa madzi mpaka anyamata a mpikisano anatulukamo ali psuu ngati nkhanu zowiritsa. Mayi ameneyo ndikufuna ndidzamuone, timwe khofi. Koma eni dziwe sanaseke. Anaimba foni kwa Mayi Benally, mwini kakampani kaja, ndipo Mayi Benally anafuna kudziwa kuti walakwitsa ndani.

Apa ndi pamene panalowa Corwin. Mtumiki amamuyang'anira ndi Araceli, koma chida chotsegulira maakaunti, pamodzi ndi pepala lake, anapanga ndi Corwin. Corwin ndi mnyamata wamtali ngati mtengo wa magetsi, wandevu, wovala kabudula ngakhale kunja kukugwa chipale. Ine ndimamukonda, musamve molakwa. Ndi iye amathamangira pansi kudzandinyamulira mphika pamasitepe, ndipo amadya matamale anayi osapumira. Vuto lake ndi pakamwa. Phiri lililonse lozungulira tauni ino analikwerapo panjinga, kawiri. Tsiku lina anandiphunzitsa ine, ineyo, mmene amawotchera tsabola wobiriwira. Ndiye ponena za mayi Petronila, Corwin anauza Mayi Benally kuti chida chake chili bwino, pepala lake lili bwino koposa, ndipo ngati mtumiki wasokonezeka, afunse womuyang'anira. Araceli anali adakali pa miyezi itatu yoyesedwa, ndipo miyeziyo inali kutha Lachisanu lomwelo.

Lachiwiri madzulo, dzuwa lisanalowe, tinali kukhitchini tikupaka ufa wokanda m'makoko a chimanga. Ndinaona kuti mwanayo akupaka khoko limodzi lomwelo kanthawi kaatali, misozi ili mbwee.

"Mchere ndathira kale," ndinatero. "Wa m'masomo sunga."

Anaseka pang'ono, kenako anandiuza zonse. Anati Lachisanu akhoza kumuuza kuti asabwerenso.

"Nanga pepala la Corwin lija unaliwerenga?"

"Kasanu. Ndi lalitali, lokongola, koma zimene mtumiki amafuna mulibe. Ndinalembanso langa, lili m'chikwama."

"Unawaonetsa abwana?"

"Azakhali, Corwin wakhala pamenepaja zaka zisanu ndi ziwiri. Ine miyezi itatu sinakwane. Ndiyambira pati?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," ndinatero.

Anangotenga khoko lina. Ine ndinapitiriza kukulunga matamale, koma mtima unali kwina. Ndinakumbukira chaka chimene Araceli anali ku koleji ku Denver. Anandiimbira foni kuti ndimuuze kaphikidwe ka matamale, akufuna kuphikira anzake. Ndinamuuza zonse, iye akulemba. Mawa lake anaimba akulira kuti makoko akungothetheka m'manja. Ine ndinamukalipira kuti ana a sukulu mulibe nzeru za m'manja. Ndiye anandiwerengera zimene analemba, mzere ndi mzere. Za kuviika makoko m'madzi otentha munalibe. Ndikanalumbira pamaso pa wansembe kuti ndinanena, koma sindinanene. Zinali m'manja mwanga kwa zaka makumi asanu, moti ndinkaona ngati munthu amabadwa akuzidziwa. Ndiye matenda a Corwin ndinawadziwa, chifukwa ndinadwalapo.

Lachitatu pa thwelofu, Corwin anandinyamulira mphika monga mwa masiku onse. Onse anazungulira tebulo lalitali, aliyense ndi mbale yake yapepala. Mayi Benally anakhala kumapeto. Iwowa ndi mayi wosayankhulayankhula, moti akatsokomola anthu amaleka kutafuna. Araceli anangotenga tamale imodzi n'kumaiyang'ana.

Hollis, mnyamata wodekha amene amayesa mapulogalamu asanapite kwa anthu, ndiye anayambitsa.

"Aise Corwin, sitingalionenso pepala la chida chija?"

"Tilione chiyani?" anatero Corwin, tamale yachitatu ili m'kamwa. "Pepala limene lija ndi lomveka ngati belu la tchalitchi. Ndikunena pano, ngakhale azakhali Femia akhoza kulitsatira osalakwitsa."

Ndinaika chivundikiro pansi.

"Wati bwanji, mwanawe?"

"Ayi azakhali, sindikukunyozani. Ndikungonena kuti munthu aliyense..."

"Ngakhale ine, mbuli ya kalasi yachitatu. Chabwino. Bweretsa pepalalo ndikhale mtumiki wako."

Anthu anaseka, koma Mayi Benally sanaseke. Anandiyang'ana kanthawi, n'kupukuta zala.

"Maganizo abwino," anatero. "Azakhali sadziwa kalikonse za chidachi. Ndi mmene alili mtumiki."

"Mwanditukwana mwaulemu, mayi," ndinatero. "Komatu pepala si limodzi. Mwana uyu ali nalonso lake m'chikwama."

Araceli anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kukuwa mokweza kuti onse amve.

"Mayo! Ukuwapondanso azakhali ako chifukwa cha chilungamo?"

Basi, panalibenso kothawira. Anatulutsa kompyuta yake nkhope ili pansi. Mayi Benally anasindikiza mapepala onse awiri, anadula pamwamba pamene panali mayina, anawaika m'maenvulopu ofanana n'kuwasakaniza kumbuyo kwawo. Kenako anayala malamulo. Ine ndikhala kuseri kwa bolodi loyera lamatayala la muofesimo, kuti wina asaone pepala limene ndagwira. Iwo akhala pambali panga kuonetsetsa kuti sindikubera. Azindipatsa timapepala ta zopempha za anthu ongopeka, ine ndilembe khadi monga pepala la malangizo likunenera, ndipereke kwa Hollis. Hollis alowetsa khadilo mu kompyuta yoyeserera, zotsatira zioneka pa kanema wamkulu wa pakhoma, ndipo kalata iliyonse ikatumizidwa, kabelu kalira. Kufunsa wolemba pepala n'koletsedwa.

"Iwe Corwin," anatero Mayi Benally, "popeza ndiwe katswiri, tenga cholembera. Ulembe pabolodipa chilichonse chimene pepala lalephera kunena, ndipo pomaliza upereke malikisi."

"Ndi mtima wonse," anatero Corwin, akutambasula mapewa. "Araceli, usaope. Ndidzakhala wachifundo."

Ndinatsegula envulopu yoyamba. Masamba atatu! Ndinayala chala pa mzere woyamba, ndipo ndisanafike kumapeto kwake ndinamva fungo la kabudula. Tsamba loyamba linkatamanda chidacho. Lachiwiri linkafotokoza mbiri yake ndi mmene chimathamangira. Zimene ine ndinkafuna zinali pansi penipeni pa tsamba lachitatu, mizere inayi yokha: lemba dzina, lemba keyala ya imelo, lemba nambala ya udindo kuyambira ziro mpaka fili, tumiza. Ndinayang'ana Mayi Benally. Nkhope yawo inali ngati khoma. Ine mumtima ndinati, Femia, usawonjezere, usachotsere. Mwana wa mchimwene wako sapulumuka ndi bodza.

Chopempha choyamba chinati: bambo Fulgencio Mares akufuna kuyamba kusambira. Ndinalemba dzina, ndinalemba keyala. Nanga udindo? Munthu wachilendo, wongobwera kumene, ndi wamng'ono pa onse, ndipo nambala yaing'ono ndi ziro. Ngakhale wa kalasi yachitatu amadziwa zimenezo. Ndinalemba ziro n'kutulutsa dzanja kuseri kwa bolodi.

Nge! Kabelu kanalira.

"Bambo Fulgencio tsopano ndi mkulu wa dziwe lonse," anatero Hollis. "Makiyi onse ali nawo."

Corwin anaseka mpaka kumenya tebulo.

"Ziro ndi bwana wamkulu! Membala wamba ndi fili! Ndiye wolemba pepalalo sanalembe zimenezo? Kalanga ine!"

Ndinamva cholembera chikulira kwii, kwii, kumbali ina ya bolodi, pamwamba penipeni pa mutu wanga.

Chopempha chachiwiri chinali cha mayi Odalys Trujillo. Ndinalemba khadi n'kupereka. Zii. Hollis anati chida sichinayankhe, nthawi zina chimachedwa. Ndinayendetsa chala papepala kufuna pamene pakunena zochita chida chikakhala duu. Panalibe. Kwathu ukagogoda pakhomo osayankhidwa, umagogodanso. Ndinalemba khadi lina lofanana. Zii. Lachitatu. Zii. Nditangopereka lachinayi, ndinangomva nge! nge! nge!

"Mayi Odalys alimo atatu tsopano," anatero Hollis. "Onse atatu ndi mabwana."

"Adzasambira mosinthana," ndinakuwa. "Wina akatopa, wina alowe."

"Taonani zimenezi!" anatero Corwin. "Pepala la nzeru limanena kuti chida chikachedwa usatumizenso, yamba wafufuza ngati munthuyo walowa kale. Chinthu choyambirira chenicheni! Ndi chimene chinachitika kwa mayi wa makalata khumi ndi anayi uja!"

Kwii, kwii, cholembera.

Apa ndinamva mawu a Araceli, ang'onoang'ono.

"Corwin, mwina uyambe wadikira kaye..."

"Ayi mlongo, usachite manyazi. Tonse tinayambira pomwepo. Kulemba malangizo ndi luso, sikubwera tsiku limodzi."

Ndinasuzumira m'mbali mwa bolodi n'kumuyang'ana mwanayo ndi diso lija ndinkamuyang'ana nalo m'tchalitchi akamasewera. Anatseka pakamwa. Mwana wa mtima wabwino ameneyu, munthu akumukankhira kuphompho iye n'kumamugwira kuti asaterereke.

Chopempha chachitatu chinali chokoma. Mayi wina akufuna kulembetsa mwamuna wake ngati mphatso ya tsiku lobadwa, koma mwamunayo asadziwe mpaka Loweruka. Ndinafufuza papepala ngati chidacho chimauza munthu kalikonse. Pepala linali chete. Ndinalemba khadi.

Nge!

"Kalata yapita kwa bamboyo," anatero Hollis. "Chinsinsi chatha."

"Banja lasokonezeka chifukwa cha mzere umodzi!" anatero Corwin, akulemba mwamphamvu mpaka bolodi kumagwedezeka. "Sananene kuti chidachi chimatumiza kalata nthawi yomweyo! Mtumiki angadziwe bwanji? Si mfiti! Tisamanamizire mtumiki, anthuni, vuto ndi pepala!"

"Bwerezanso," anatero Mayi Benally.

"Ndati vuto ndi pepala."

"Zikomo. Malikisi?"

"Awiri pa khumi. Imodzi chifukwa pepalalo ndi loyera, ina chifukwa cha chifundo."

Hollis anafufuta anthu onse aja m'kaundula woyeserera kuti tibwereze zopempha zomwezo, ine n'kutsegula envulopu yachiwiri. Theka la tsamba, basi. Munalibe zotamanda. Mzere woyamba unanena ntchito ya chidacho. Wachiwiri unanena nthawi yosachigwiritsa ntchito. Manambala anayi aja anali m'ndandanda, iliyonse ndi tanthauzo lake, ndi chenjezo lakuti ziro usapereke pokhapokha mwini dziwe atalamula. Chala changa chinkangotsetsereka ngati pa tebulo lopaka mafuta. Kalembedwe kameneko ndinakadziwa. Chichitikireni za ku Denver zija, mwana ameneyu akamalemba kaphikidwe amayamba ndi mawu akuti viikani makoko.

Bambo Fulgencio ndinawapatsa fili. Nge! Membala wamba. Mayi Odalys, chida chinakhalanso duu, koma pepala linati usatumizenso, funsa kaundula kaye. Ndinauza Hollis ayang'ane, anati alimo kale, m'modzi. Wa mphatso uja, pepala linanena poyera kuti kalata imapita pompopompo, ndipo ngati munthu sakufuna zimenezo, ulembe tsiku loti idzapite. Ndinalemba Loweruka. Kabelu kanangoti phee.

Mayi Benally anandiponyeranso kachopempha kachinayi kamene panalibe poyamba paja: munthu wopanda keyala ya imelo. Pepala linati ngati chinthu chikusowa usapeke, bwerera kwa wopemphayo umufunse. Ndinatulutsa mutu.

"Mayi, keyala ya bambo awa ili kuti? Safunsa anadya phula."

Anthu anaomba m'manja. Ndipo woomba kwambiri anali ndani? Corwin. Anaimirira, anagwira pachifuwa, anawerama ngati woimba akamaliza nyimbo.

"Mwaona? Mwaona? Ndinanena ine kuti ngakhale azakhali akhoza kulitsatira! Limenelo ndi dzanja la zaka zisanu ndi ziwiri. Mzere wa kusapeka uja ndimaukumbukira bwino, unandibwerera ndili panjinga, ndikukwera phiri, mphepo ikuomba. Ndinaima pambali pa msewu n'kuulemba pafoni."

"Unaima pambali pa msewu," anatero Mayi Benally.

"Zala zitauma ndi kuzizira."

"Malikisi?"

"Khumi pa khumi. Sindikudzitama, koma chilungamo n'chilungamo." Analemba, n'kuzunguliza kawiri. Kenako anatembenukira kwa Araceli. "Ukafuna, mawa ndikhale nawe ola limodzi, ndikuonetse mmene ndimachitira."

Araceli anali atabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Corwin anaona ngati akulira, moti anamutengera kapepala kopukutira misozi. Ndi chifukwa chake ndimati mnyamatayu ndi wabwino.

Mayi Benally anakankha bolodi pambali. Ine ndinaimirira pang'onopang'ono, ndinakonza epuloni, ndinavala magalasi.

"Ana anga," ndinatero, "inu mukudziwa kuti ine ndimawerenga mochedwa. Mupirire nane. Ndikufuna ndikuwerengereni pepala loyamba lija, la malikisi awiri, kuti tonse tiphunzire."

Ndinayala chala.

"Chida... ichi... chimene ndinachipanga... m'masiku awiri okha... nditangobwera kumene... ku mpikisano wa njinga..."

Hollis anali akumwa madzi. Anatuluka m'mphuno.

Corwin anagwetsa kapepala kopukutira misozi kaja. Kenako anandilanda masamba atatu aja.

"Ayi, ayi, dikirani. Za ziro zilimo. Ndikukumbukira!" Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anatembenuza kumbuyo. "Pali tsamba lina lasowa. Mayi Benally, makina osindikizira adya tsamba."

"Ndi atatu," anatero Mayi Benally. "Pansi palembedwa kuti tsamba lachitatu mwa atatu."

Anabwereranso ku tsamba loyamba, milomo ikuyenda, ndipo ndinaona kuti nayenso wayamba kuwerenga ndi chala.

"Zilimo ndithu, mwanawe," ndinatero, ndikumusisita pamkono chifukwa paphewa sindifika. "Zonse unalemba pabolodi zija ukuzidziwa bwino, palibe angakupose. Koma zili m'mutu mwakomo. Ndiye tichite bwanji, tikudule mutu tiulowetse mu kompyuta? Ndevuzo zidzakola m'mawaya."

Mayi Benally anatsokomola, onse anakhala chete.

"Araceli, Lolemba ubwere monga mwa nthawi zonse, ndi Lolemba linalo, ndi ena onse. Pepala lako lilowe lero. Kuyambira pano, pepala la chida chilichonse lizidutsa m'manja mwako lisanafike kwa mtumiki." Anatembenuka. "Corwin, mndandanda wako wa pabolodiwu ndi wabwino kwambiri. Usafufute. Tiziyesera mapepala onse pamenepo."

"Ndi malikisi omwe?" anafunsa Hollis, akupukuta mphuno.

"Ndi malikisi omwe."

Araceli anandikumbatira mwamphamvu mpaka magalasi anapendekeka. Corwin anaima pamaso pa bolodi, makutu ali psuu, akuyang'ana awiri pa khumi wolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Anakanda ndevu. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, chinthu chimene sindinachionepo chiyambireni kubweretsa matamale pamalopo.

"Koma Corwin," anatero Araceli, akupukuta m'maso, "ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi. Mzere wanga uja unakubwerera pa phiri liti?"

Pomwepo kompyuta ya Hollis, imene inali ikugayabe makhadi anga oyamba aja, inatulukira khadi lachinayi la mayi Odalys limene Hollis analowetsa mosazindikira.

Nge!

Ofesi yonse inafa ndi phwete. Hollis anagwa pampando. Wokonza njinga wa pansi uja anakwera masitepe kudzafunsa ngati wina wavulala. Ngakhale Mayi Benally anagwira pamimba, misozi ikutsika, osatulutsa liwu. Corwin anayesa kuumitsa nkhope, analephera, anakhala pansi n'kudziphimba kumutu ndi masamba ake atatu aja, akuseka nawo. Ine ndinamuikira tamale yachisanu m'mbale, n'kumuuza kuti asanadye ayambe wachotsa khoko, poti pa tamalepo sipanalembedwe.